Nkhokwe Yaitali ya Jonasi

Jonasi Zimba sanali munthu woipa. Ankapemphera, mowa anausiya tsiku limene anabatizidwa, ndipo mkazi wake Dyness sanalirepo chifukwa cha dzanja lake. Vuto la Jonasi linali khosi. Khosi lakelo linapindikira mbali imodzi, kunyumba ya mnzake Matthews Shaba, ndipo chilichonse chimene Jonasi anali nacho sankachiona kukoma mpaka atasuzumira kaye cha Matthews.

Awiriwa anakulira limodzi m'mudzi wina kufupi ndi Edingeni, akuweta ng'ombe za makolo awo m'dambo limodzi. Analowa kalasi ya mpingo limodzi, n'kubatizidwa tsiku limodzi, m'zaka zimene azungu anali atangomanga kumene boma lawo ku Mzimba. Ngakhale pa tsiku loyera ngati limenelo Jonasi anabwerera kunyumba atakwinya nkhope. Dzina limene anapatsidwa mnzakeyo linali lovuta kutchula, anthu akuluma nalo lilime, choncho linkamveka lapamwamba. Lake ngakhale mwana wongophunzira kuyankhula ankalitha.

Nthawi yokolola ndiye matendawa ankakula. Jonasi ankadutsa m'mphepete mwa munda wa Matthews ngati wangosochera, n'kutola chikonyo chimodzi cha chimanga, kuchigundanitsa ndi chake kuti aone chachitali. Chake chikachepa, tsiku lonse chakudya sichinkamukomera. Chake chikapambana, ankati mwina watola cholakwika, n'kubwerera kukafuna china.

Zoona zake, munda wa Matthews unali pamalo pamene kale panali khola lalikulu la agogo ake, ndipo chimanga chinkamera pamenepo ngati chikuthamangitsidwa. Wa Jonasi unali pamtunda wamchenga. Komabe chaka chimenecho mvula inagwa bwino, ndipo Jonasi anakolola chokwanira iye, Dyness ndi ana awo aakazi awiri, Towera ndi Maria, mpaka chimanga china chitacha. Munthu wina akanaimba nyimbo. Jonasi anangoyang'ana mulu wa Matthews, womwe unaposa wake kawiri, mtima n'kumuwawa.

Chinthu chimodzi chokha Matthews sankatha, kuluka. Nkhokwe imene anamanga chaka chimenecho inali yaikulu ndithu, koma yopindika ngati munthu wodwala msana. Jonasi, amene manja ake ankadziwa nsungwi kuyambira ali mnyamata, anaona cholakwika tsiku loyamba lomwe. Mitanda ya pansi, yonyamula katundu yense, Matthews anaika ya mombo, mtengo umene chiswe chimaukonda kwambiri, m'malo mwa muwanga. Dyness nayenso anaona.

"Bambo a Towera, mitanda ya anzanu ija mwaiona?" anafunsa Dyness akupeta. "Kawauzeni asanathiremo chimanga."

"Ali ndi maso ake awiri ngati ine," anayankha Jonasi.

"Maso ali nawo, koma za nsungwi ndi mitengo mumadziwa ndinu."

Jonasi sanapite. M'malo mwake anatenga nkhwangwa n'kulowera kuphiri, ndipo anabwerako ndi nsungwi zokhwima ndi mitanda ya muwanga yoti amuna awiri n'kuvutika nayo. Analuka nkhokwe yoongoka, yosalala, yothina bwino, n'kumangoikweza. Itafika msinkhu wa nkhokwe ya Matthews anaima patali n'kuziyerekeza ziwirizo, diso limodzi atatsinzina, kenako anaonjezera mkono wina wathunthu.

Dyness anaima m'munsi manja ali m'chiuno. "Kodi muikamo chiyani m'menemu? Chimanga chathu sichifika ndi pakati pomwe."

"Chifika pamwamba, NyaTembo," anatero Jonasi, kumutchula ndi mfunda wa kwawo monga ankachitira akafuna kumunyengerera. "Iwe ungosunga pakamwa."

Anthu ali kuminda, Jonasi analowa m'kati mwa nkhokweyo n'kumanga thandala pamwamba ndithu, kupitirira pakati, lolimba, lomangidwa ndi luzi lonyika bwino. Kunja anamata dothi losakaniza ndi ndowe kuyambira pansi mpaka kupitirira pang'ono pathandalapo, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti akutsekera makoswe. Pansi penipeni pa nkhokwe sanavutike n'kuthinanitsa mitengo, popeza munali moti mukhala mphepo yokha. Kenako anathira chimanga chake pamwamba pa thandala, ndipo chinadzaza mpaka kukamwa, chikuoneka mbee m'mipata ya nsungwi.

Denga la nkhokwe amalimangira pansi, ndipo kulikweza n'kwa amuna ambiri. Tsiku limenelo amuna a m'mudzimo anabwera, anakweza dengalo ndi mitengo ya mphanda, ndipo amene anakwera pamakwerero anasuzumira m'kati n'kupukusa mutu. Matthews ndiye anaomba m'manja kuposa onse.

"Mnyane, chaka chino watiposa tonse," anatero akumugwira mnzakeyo paphewa. "Mchenga uja wakuberekera chonchi? Ndakondwa chomene."

Ankanenadi zochokera pansi pa mtima, ndipo n'zimene zinamunyansa Jonasi. Iye ankayembekeza kuti mnzakeyo nkhope igwa pang'ono. Chimwemwe chimene anachivutikira milungu yonseyo chinatha dzuwa lisanalowe, ndipo pamalo pake panakhala mantha. Kuyambira tsiku limenelo sankalola munthu wina kukwera pa nkhokweyo. Ana akamasewera pafupi ankawathamangitsa. Ngakhale nkhuku ya mawanga ya Cecilia, mkazi wa Matthews, imene inayamba kuzungulirazungulira pamenepo dzinja litayandikira, ankaigenda ngati yamulakwira. Cecilia naye ankadandaula kuti nkhukuyo ikungosowasowa, ndipo sakudziwa kumene ikuikira.

Kutentha kutafika pachimake, tchire litapsa, kunamveka uthenga woti msonkhano waukulu wa mgonero uchitikira pa tchalitchi cha udzu cha m'mudzi mwawo. Akhristu ankabwera wapansi kuchokera kutali, ena ku Champhira, ena kumalire a Kasungu, ndipo ankagona ndi kudya m'makomo mwa eni mudzi mpaka msonkhano utatha. Kagawidwe ka alendo kanali kosavuta. Mkulu wa mpingo ankayenda khomo ndi khomo n'kumayang'ana nkhokwe. Yaing'ono, alendo ochepa. Yaikulu, alendo ambiri. Palibe amene ankadandaula, chifukwa nkhokwe inali isananamizepo munthu.

Mkulu wa mpingoyo anali a Wallace, bambo wamtali woseka msanga, amene makutu awo anali atayamba kale kupuma pa ntchito. Atafika kwa Jonasi anakweza mutu mpaka chipewa chinagwa.

"A Zimba, Mulungu wakukumbukirani," anatero. Anatenga ndodo yawo n'kugogoda pomata paja. Nkhokwe inalira ngati ng'oma. Jonasi anayamba kutsokomola mwamphamvu, ndipo a Wallace atagogodanso iye anatsokomolanso, mpaka misozi.

"Chifuwa chimenecho muchisamale," anatero a Wallace. "Mbwenu tamvana. Onse ochokera ku Champhira, pamodzi ndi oimba awo, afikira kwa inu. Kwa a Shaba ndapereka amayi okalamba aja a kumalire."

"Yewo, adada," anayankha Jonasi, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

A Wallace atangopotoloka, Dyness anatuluka m'nyumba. Sanakalipe, ndipo Jonasi akanakonda akanakalipa.

"Anthu a ku Champhira ndi mpingo wathunthu, ndipo adzafika atayenda mtunda wonsewo," anatero Dyness. "Tikawadyetsa monga mwa ulemu, chimanga chathu chitha mbewu zisanamere m'munda. Towera ndi Maria adzadya chiyani mvula ili pakati? Thandala lija?"

"Ndiganiza."

"Mwaganiza kale, n'chifukwa chake tili pano. Pitani kwa a Wallace mukanene zoona, kapena pitani kwa anzanu mukapemphe. Ine ana anga sagona ndi njala chifukwa cha mkono umodzi wa nsungwi."

Zonse ziwiri zinali zowawa. Kunena zoona kunali kusanduka nthabwala ya mudzi wonse mpaka imvi. Kupempha kwa Matthews, pamene nkhokwe yako ndi yaitali kuposa yake, kunali kunena zoona komweko koma mogwada. Jonasi anazengereza. Amayi a m'mudzimo anayamba kusinja ndi kuzira nyumba, alendo ali pafupi kunyamuka kwawo, iye akungozungulira nkhokwe yake ngati pali khomo lina limene analiiwala.

Tsiku lina masana, kunja kutatentha mopanda mphepo, mitambo yakuda inayamba kuunjikana kumapiri. Aliyense anadziwa kuti ndi chizimalupsa, mvula yoyamba ija yozimitsa phulusa la m'tchire, yomwe imagwa kamodzi koma mwaukali. Miyendo ya Jonasi inamutengera kwa Matthews, iye mwini asanagwirizane nayo. Anapeza mnzakeyo ali pamakwerero, akutapira chimanga Cecilia, amene anaima m'munsi ndi dengu.

Jonasi sanayang'ane anthuwo. Anayang'ana mitanda ya mombo ija, ndipo anaona dothi la chiswe litaikuta yonse, umodzi utapindika ngati uta. Anatsegula pakamwa, koma mtengo unamutsogolera kuyankhula. Unathyoka, wachiwiri n'kutsatira, ndipo nkhokwe yonse inagwada pang'onopang'ono, n'kung'ambika pamimba. Matthews analumpha n'kugwera pa mulu wa makoko osavulala. Chimanga cha chaka chonse chinamwazika bwalo lonse.

Apa tisamubisire Jonasi. Kanthu kena kotsekemera kanadumpha m'chifuwa mwake, kanthu kamene kanakhala kakudikira tsiku limeneli kuyambira ali anyamata kudambo. Koma kanangokhala kamphindi. Anaona Cecilia atagwira kumutu, anaona ana a Matthews akulimbana ndi mbuzi zimene zinafika msanga kuposa anthu, ndipo anachita manyazi amene anali asanachitepo. Iye anaidziwa mitanda imeneyi miyezi yonseyi, n'kukhala chete.

Mudzi wonse unathamangira komweko. Mphepo yozizira inali itayamba kuulutsa makoko, ndipo kumapiri kunkagunda.

"Tilowetse m'nyumba," anatero wina.

"Nyumba yake iti? Sichingakwane ngakhale titatulutsa mphasa zonse."

"Tigawane m'nkhokwe zathu."

Koma nkhokwe za ena zinali zazing'ono, malo otsala a dengu limodzi kapena awiri, ndipo zina zinali kutsidya kwa dambo. Chimanga chikanyowa nyengo yotentha chonchi chimachita nkhungu, ndipo chotsala pansi chiswe chimamaliza. Matthews, munthu wosekaseka uja, anangoima manja ali lende.

A Wallace, amene anafika akupuma mwabefu, anayang'ana kutsidya kwa mpanda kumene nkhokwe ya Jonasi inaima chilili pafupi pomwepo. "Ya a Zimba ikanatipulumutsa," anatero, "koma nanga si ndi yodzaza."

Palibe amene anamuyang'ana Jonasi, kupatula Dyness. Akanatha kukhala chete, kutola dengu n'kumathamanga nawo uku ndi uku ngati wina aliyense, ndipo dzina lake likanakhala loyera. Anayang'ana mnzake, anayang'ana mitambo.

"Si yodzaza," anatero.

"Mwati bwanji?" anafunsa a Wallace, dzanja lili kukhutu.

Choncho Jonasi anayenera kubwereza mokweza, mudzi wonse ukumva. "Ndati si yodzaza, adada. Pansi ponse mulibe kanthu. Tiyeni mukatsitse denga."

Analitsitsa mwachangu. Amuna awiri anakwera n'kuyamba kutapa chimanga cha Jonasi, kupatsira amayi m'munsi, ndipo sipanatenge nthawi manja awo anagunda nsungwi. Mmodzi anasuzumira kunja, nkhope itasokonezeka.

"Muli thandala muno."

"Dulani luzilo," anatero Jonasi, maso ali pansi.

Atachotsa thandalalo, munthuyo anayang'ana m'munsi, n'kuyamba kuseka mpaka anagwira m'mphepete kuti asagwe. Pansi pa nkhokwe yaitali kuposa zonse m'mudzimo munalibe ngakhale njere imodzi. Munali nkhuku ya mawanga ya Cecilia, imene inapeza mpata pakati pa mitengo ya pansi ija, itakhalira mazira ake mwaufulu, ikuyang'ana anthu ngati alowa m'nyumba mwake osaodira.

Kuseka kunayambira pamakwerero n'kutsikira pansi. Amayi anatula madengu. A Wallace ankapukuta misozi ndi chipewa, akunena kuti anamva ndithu kuti nkhokweyo ikulira ngati ng'oma koma anaganiza kuti ndi makutu awo. Cecilia, misozi ya poyamba isanaume, ankaseka akulandira nkhuku yake ndi mazira m'lichero. Jonasi anaima pakati pawo akudikira kuti afe ndi manyazi. Anadikira, koma sanafe. Kusekako kunalibe minga, ndipo chinthu chimene anachinyamula pamtima miyezi yonseyi chinali chitatsika limodzi ndi denga lija.

"Ukuona, Matthews?" anatero Jonasi. "Ngakhale m'nkhokwe yanga, chimene chikuswana n'chako."

Matthews anakhala pansi ndi kuseka. Koma Jonasi anali asanamalize. Anamukokera pambali pamene ena ankayala nsungwi za thandala lija pansi pa nkhokwe kutseka mipata.

"Mitanda yako ija ndinaiona tsiku loyamba," anatero. "Ndinadziwa kuti idzathyoka. Sindinakuuze."

Matthews anasiya kuseka.

"Zimenezo ndiye zandipweteka, mnyane," anatero Matthews. "Koma nanenso ndine chitsiru. Ndinaona kuti yanga yapindika. Kangapo konse ndinafika pampanda wako kuti ndikupemphe undithandize, koma ndikaona mmene walukira yakoyi, manyazi ankandigwira, mbwenu n'kubwerera. Manja ngati akowo ine ndilibe."

Jonasi anayang'ana manja ake. Anali nawo zaka zonsezi, ndipo sanaganizepo kuti munthu angaime pampanda n'kumawasirira.

Dontho loyamba linagwa pa fumbi. Zokambirana zinathera pomwepo. Anthu anandanda kuchokera pabwalo la Matthews mpaka pamakwerero a Jonasi, madengu akuyenda dzanja ndi dzanja, wina n'kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi koma mothamanga ngati ya pamtondo. Dyness anafuula kufunsa ngati ayale mphasa pakati kuti chimanga cha mabanja awiriwo chisasakanikirane, koma panalibe nthawi. Cha Matthews ndi cha Jonasi chinkalowa mmene chafikira, dengu ili la uku, ili la uko. Mitanda ya muwanga sinalire n'komwe. Pamene ankakweza denga, mvula inali itayamba kuwamenya pamsana, ndipo nkhokwe ya Jonasi inali yodzaza kuyambira pansi mpaka pamwamba, ulendo uno moona.

Anabisala pakhonde la Jonasi, atanyowa, akununkhiza fungo la dothi. Towera ndi Maria ankavina pamvula ndi ana a Matthews, ndipo palibe anawaletsa.

"A Wallace," anatero Dyness mokweza kuti amve, "nanga alendo a ku Champhira aja?"

"Afikira konkuno," anayankha Matthews a Wallace asanatsegule pakamwa. "Ine mwandipatsa agogo odya ngati mbalame. Alendo onse adya za m'nkhokwe iyi, ndipo nyumba ziwirizi zidya momwemu mpaka tikolole. Chilipo chokwanira. Koma iwe Jonasi, chaka chamawa undilukira yanga, ndipo mitanda ukasankha ndiwe."

"Ndikulukira," anatero Jonasi. "Yaitali bwanji?"

"Yokwana chimanga changa," anatero Matthews, ndipo Dyness anaseka kuposa onse.

Anthu a ku Champhira anafika akuimba, fumbi lili m'miyendo, ndipo anali ambiri kuposa mmene Dyness ankaopera. Nkhani ya thandala inawapeza asanatule n'komwe katundu. Ena anapita kukagogoda pa nkhokweyo kuti amve okha, ndipo Jonasi ankawabwereka ndodo. Akulu awiri a kumeneko anaizungulira, akusisita kalukidwe kake, n'kufunsa ngati angadzapite kwawo kukawaonetsa achinyamata awo.

M'mawa wa tsiku la mgonero Jonasi anakwera kukatapa chimanga choti amayi asinje. Pansi pa denga munali mthunzi wozizira ndi fungo la makoko ouma. Kunja oimba a ku Champhira ankayeserera nyimbo, mawu a Matthews akumveka pakati pawo, okwera kuposa onse ndiponso olakwika kuposa onse. Manja a Jonasi, mwa chizolowezi chawo chakale, anatola zikonyo ziwiri n'kuzigundanitsa. China chinali chachitali ndithu. Anachitembenuza, anayang'ana njere zake, anayang'ana chinzakecho, koma sanathe kudziwa kuti cha m'munda mwake n'chiti. Anadikira kuti mtima uyambe kuwawa monga kale, ndipo unangokhala phee.

"Bambo a Towera, mwagona m'menemo?" anaitana Dyness m'munsi. "Anthu akudikira."

Jonasi anaponya zonse ziwiri m'dengu, n'kutapanso zina.